Kukonzekera Mdzukulu wa ku Woodlands

Lolemba

Chisomo, mwana wanga, waimba foni. Akubwera Lamulungu ndi khanda, kudzagona kuno koyamba. Kenako akuti, "Koma Mami, ngati muli na udzudzu sitizagona." Mwana wokulira m'nyumba yomweyi ya ku Chelstone, wamiyendo ya zipsera zokhazokha, lero chifukwa chokwatiwa ku Woodlands magazi ake asanduka a mtengo wapatali. Komabe mdzukulu ali ndi miyezi iwiri ndipo ndamunyamula kamodzi kokha. Zochita:
kutaya madzi onse odikha;
kutchetcha udzu;
kugula mankhwala opopera;
kulankhula ndi ba Mulenga, aneba.

Lachiwiri

Ndikuyamba ndi matayala a amuna anga. Asanu ndi awiri, a galimoto yomwe tinagulitsa Chisomo ali kusekondale. Lililonse ladzaza madzi a mvula, timphutsi tikuvinamo ngati pa ukwati. A Phiri aima pakhonde, manja kumbuyo: "Amayi, amenewo ndi katundu." Katundu! Ndawagubuduza ndekha. Udzu akuti atchetcha msana ukalola. Msana womwewo umawalola kukhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa.

Lachitatu

Ngalande ya ba Mulenga inatsekeka chaka chatha, madzi ake ndi obiriwira. Ndapita mwaulemu kukadandaula za udzudzu, nditavala chitenje chabwino. Andimvetsera akutafuna chimanga, kenako: "Mayo, mwauona bwanji kuti ni wanga? Uli na reji monga galimoto?" Munthu wamkulu, dikoni wa mpingo. Ndabwerako ndi zotupa zinayi, zonse zochokera pakhonde pawo.

Lachinayi

M'tauni. Minibasi yodzaza, mvula, matope mpaka m'akakolo. Ndagula mankhwala opopera, makoyilo, ndi chilaketi chamagetsi chowombera udzudzu. Wogulitsa mumsewu akulumbira: "Ichi mami chimapaya na makolo ake." Kufika kunyumba, chikufuna kutchaja. Magetsi anazima mbandakucha. A Phiri akuchiyesa chomwecho, aswa galasi la chithunzi chathu cha ukwati. Udzudzu womwe amaufuna wasamukira pakhosi pawo.

Lachisanu

Amayi a kumpingo aliyense ndi dokotala. Wina akuti makoko a malalanje, wina ndowe zouma za ng'ombe, ngati ku Chelstone kuli khola. Mayi Zulu akuti ndiwotche matileyi a mazira. Ndawotcha atatu, ndapoperanso, ndayatsa koyilo, ndatseka mawindo. Utsi wake watithamangitsa ife eni nyumba. Takhala panja ola lathunthu madzulo, a Phiri akutsokomola, udzudzu ukutidya mosaphonya. Makatani akununkha ngati kumsika wa makala. Mphemvu ziwiri zafa.

Loweruka

Sindikufuna kulemba izi. Kuseri kwa khitchini kuli madiramu anga awiri osungira madzi mpopi ukauma. Anga, osati a a Phiri, osati a ba Mulenga. Chivindikiro china ndinabwereketsa pamaliro, chinzake ndimaanikirapo kapenta. Ndasuzumiramo. Timphutsi tosawerengeka, kuposa m'matayala onse pamodzi. A Phiri abwera, asuzumira nawo, andiyang'ana, achoka akuimba nyimbo ya kwaya. Bola akanatukwana. Ndataya madzi onse, ndatsuka madiramu ndi mchenga. Ndikutsegula mpopi kuti ndidzazenso, ukungopuma mpweya. Mawa kukubwera khanda ndi matewera ake, m'nyumba mulibe ngakhale dontho. Ndapita kukapempha ndowa ziwiri kwa ba Mulenga. Andipatsa. Andinyamuliranso, akumwetulira njira yonse.

Lamulungu

Afika masana. Chisomo wanunkhiza makatani, wayang'ana miyendo yanga. Watulutsa neti m'chikwama, wapempha misomali iwiri, m'mphindi zisanu wamaliza. "Tizagona, Mami," akutero. Sabata yonse ndavutikira chiyani kaya.

Mwana wagona mkati mwa neti, timanja m'mwamba, mphuno yake ndi yanga ndendende. Ndakhala pampando pafupi naye. Udzudzu umodzi wazungulira neti kawiri, walephera, watera pamkono panga. Ndikuuona bwinobwino, mimba ikufiira. Ndikawomba, mwana adzuka. Ndausiya umalize.