Pasipoti Yanga Ili M'bokosi la Apongozi

Lolemba
Pofika Lachisanu ndiyenera kukaonekera ku imigireshoni ku Lusaka. Ndilo lamulo la ife obwera: chilolezo chokhalira muno uli nacho, komabe nthawi ikakwana kaonetse nkhope, akudindire, adziwe kuti ukadali pomwe unanena. Ukaphonya, ulendo wa kwanu. Ine kubwerera ku Mchinji pomwe mkazi wanga Misozi ali kuchidikiro, mwana abadwa lero kapena mawa? Ayi ndithu.
Pulani: kunyamuka mawa, ndekha, mwakachetechete.
- chidindo
- tchipisi ndi soseji
- kumetetsa kwa makina
Kavuto kamodzi kokha. Chiswe chitadya setifiketi yathu yaukwati, Misozi anakasungitsa pasipoti yanga m'bokosi lachitsulo la amayi ake. Bokosilo lili kuchipinda kwa apongozi. Mkamwini sapondako, ngakhale kusuzumira.

Lachiwiri
Ine ndi apongozi sitilankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, ine tchire ili, iwo tchire ilo. Ndiye ndikutuma mlamu wanga Tisa.
Akubwerera akuseka mpaka kugwira nthiti. "Akuti mlendo wofuna pasipoti mkazi ali kuchipatala, afuna kuthawa."
Kuthawa! Ine! Kani kunali mkamwini wina wa kwathu pamudzi pano, anatsazika kuti akukaona amayi ake, mpaka lero akuwaonabe. Mlandu wake wagwera ine.
Minibasi yapita popanda ine.

Lachitatu
Ndikuimbira Misozi. Akuti msana ukumupweteka, ndipo za bokosi la amayi salowererapo, iyenso amaliopa.
Chabwino, tinyengerere ndi ntchito. Lero:
- kupalira munda wa apongozi
- kukonza khola la mbuzi
- kuwaza chitsa chomwe chinagonjetsa amuna onse a mudzi uno wa Nkomeshya
Madzulo Tisa akubwera ndi yankho. Apongozi akuti munthu akayamba kulimbikira chonchi mwadzidzidzi, ndiye kuti akutsazika. Bokosi aliwonjezera loko wina.
Manja matuza okhaokha. Mantha andigwira tsopano, osanama.

Lachinayi
Ndikukatenga Ba Mwanza, mkulu wa mpingo. Akhala pakati pathu, ine ndayang'ana mtengo wa mango, apongozi ayang'ana nkhokwe. Akufotokoza lamulo lonse bwinobwino, mpaka vesi kuikapo.
Chigamulo: pasipoti ipita ku Lusaka. Aleluya!
Koma ipita ndi mwini bokosi.

Lachisanu
Pa Chongwe minibasi yatsala ndi mipando iwiri, yogundizana. Apongozi akana kukwera, ine ndikana, kondakitala akutukwana chapansipansi. Mapeto ake thumba la maungu, lopita kwa mbale wawo ku Silverest, aliimika pamiyendo panga kuti litchinge nkhope. Mbaleyo tampeza kulibe. Maungu afika nafe mpaka mu ofesi.
Pamzere pali Amwenye, Matchaina, mzungu wa kabudula. Aliyense wabwera yekha. Ine ndekha ndabwera ndi apongozi.
Pasipoti ikutuluka pamfundo ya chitenje. Mayi wa pa kauntala, waulemu wake, akungofunsa ngati ndikukhalabe ku Nkomeshya. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi ayankha kale:
"Ankhala. Auka mochedwa, mizere yake kumunda ni yokhota, koma ankhala."
Mayi uja akuluma cholembera kuti asaseke. Chidindo, phaa! Ndikutambasula dzanja, pasipoti yalowa kale m'chitenje.
Kenako apongozi akufunsa mayiyo momwe lamuloli limayendera, akumvetsera, akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki. Ndikanadziwa ndikanakomoka dala.
Tchipisi: palibe. Kumeta: palibe. Mbatata yozizira ya m'chikwama chawo, ndikudya nditayang'ana khoma.

Loweruka
Mwana wamkazi! Wabadwa m'mawa, mphuno yanga yeniyeni, pepa mwanawe. Ndamunyamula ndili m'Zambia mwalamulo, misozi mbwembwembwe pamaso pa manesi, ndilibe nazo manyazi.
Apongozi ali panja, akuuza amayi anzawo kuti boma lili ndi nzeru, mlendo safunika kumutaya maso. Amayiwo akufunsitsa. Ena mwa iwo ali ndi akamwini.

Lamulungu
Tisa wafika ndisanasukusule. Pamudzi pano pakhazikitsidwa lamulo latsopano: m'mawa uliwonse ndiziima patsinde pa mango, ndizitsokomola, apongozi adziwe kuti ndikadalipo. Boma limadikira miyezi kuti lindione. Ofesi iyi ndi ya tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe, ndipo pasipoti ili nayo kale.
Ndingatani? Ndapita. Ndaima. Ndatsokomola.
Kenako, kuchokera m'nyumba, mawu oyamba omwe apongozi andilankhula okha chikwatirire mwana wawo:
"Tamva. Mawa futi."