A Elifala ndi Mbumba ya M'mimba

Kwathu kuno, chakumtunda kwa Bowe, kunalibe munthu wosadziwa moni wa a Elifala. Ena amafunsa za ana ndi za kumunda, koma iwo ayi. Akakumana nawe ankatsika njinga, n'kuloza pamchombo pako: "Nanga mbumba ya m'katimo yadzuka bwanji?"

Mbumbayo ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, tothandiza kugaya chakudya. A Elifala, amene anagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi mpaka imvi mbuu, ankatikonda ngati adzukulu awo. Ngakhale abusa anafunsidwapo pakhomo pa tchalitchi, n'kuyankha kuti, "Ikuyimba kwaya, bambo."

Chaka chimene kolera inabuka, klorini, mankhwala othira m'madzi akumwa, anagawidwa mudzi uliwonse. Mayi Aziza, amene amagulitsa chakudya pamsika, anachita mantha kwambiri moti akatunga madzi amatope kudambo ankangokhuthuliramo mankhwala osayeza. Madzi akumwa ankanunkha ngati wodi ya kuchipatala. Ogula anayamba kudandaula m'mimba, mphekesera n'kuwanda yoti klorini ndi poizoni. Mabanja anasiya kuthira mankhwala, pamene ku Mponela anthu akugonekedwa ndi kolera.

A Elifala anatulukira pamsikapo thukuta lili kamukamu. Ananunkhiza kapu ya madziwo, n'kugwira kumutu.

"Mayi Aziza, mwandithera mbumba!"

"Si ndinu munati tizithira mankhwala?"

"Ndinati muzithira, sindinati muzikazinga nawo! Klorini akakumana ndi matope ndi masamba owola, amabereka ana oipa. Anawo ndi amene amakasowetsa mtendere mbumba m'matumbo. Muziyamba mwasefa, kenako muziyeza."

"Ndiye tingosiyiratu."

"Mukasiya, kolera siidzafunsa za mbumba. Idzanyamula ndi mwininyumba yemwe!"

Nsalu yosefera panalibe. Pomwepo mkuluyo anavula shati yake yoyera ya Lamulungu, n'kuikunga pa ndowa, n'kuyamba kusefa, mimba ili pamtunda. Msika wonse unafa nalo phwete. Iwo osatekeseka: anathira mlingo wake wa mankhwala, n'kudikira akuyimba nyimbo ya kutchalitchi, kenako anamwa kapu ndi kapu mpaka mimba kuti ndii.

"Ndikafa mawa, musiye klorini," anatero. "Ndikadzuka, muzisefa."

M'mawa mwake anadzuka, n'kukwera phiri ndi phiri ndi ndowa kumbuyo kwa njinga. Amayi anathamangira kudula nsalu zosefera. Ankati, "Tisefe msanga, mdala uja asadzativulirenso pakhomo." Dzinja limenelo linatha m'mudzi mwathu osakumba manda a kolera. Timanena zimenezi mutu uli m'mwamba.

A Elifala anatisiya chaka chatha, atangodwala pang'ono. Pamaliro pawo Asilamu ndi Akhristu anasinthana mapewa mpaka kumanda, akulira kwinaku akukumbutsana nthabwala zawo.

Masiku ano amayi amapita kumjigo, kutunga, n'kubwerako dzuwa lisanakwere. Palibenso wowaimitsa panjira ndowa ili pamutu, palibenso ndiwo zopserera chifukwa chochedwa. Ntchito zimatha msanga. Koma akafika pakhomo amakhala kaye pakhonde, n'kumayang'ana kumsewu.