Asiyeni ndi Kanjira ka Amalume

Lolemba

Abwana a loji abwera m'mawa ndisanasese n'komwe. Nsapato yosongoka, kampango pamphuno. Akuti loji yawo ikutsegulidwa Loweruka, ndiye nkhumba yanga ichoke. Akuti khola lagundana ndi mawindo a zipinda za alendo, ndipo ikapezeka Loweruka aitana azaumoyo adzaitenge.

Lagundana! Khola ndi limene linanyamuka kukagunda loji? Pamene paima lojiyo panali chinangwa cha mayi anga. Asiyeni, nkhumba yangayo, wakhala akuswa ana m'khola lomweli zaka zonsezi, fungo lake silinagonekepo munthu m'chipatala.

Ndawayankha kuti chabwino bwana. Mumtima ndawatukwana mpaka agogo awo.

Koma sindikudandaula. Alamu anga ku Milonde avomera kumusunga, khola ali nalo lopanda kanthu, ana akabadwa tizigawana. Kupha ayi. Malata a nyumba ino ndi Asiyeni. Mankhwala a miyendo ya abambo ake Estere ndi Asiyeni. Kumupha n'kukazinga mbewu.

Za mawa:
- madeya ndowa imodzi, omunyengerera
- chingwe
- galimoto ya Dyson idikire kumsewu
- abambo ake Estere akhale phee pakhonde, asathandize

Iwo angofunsa kuti, “Kanjirako wayeza?” Kuyeza chiyani? Ndimadutsamo tsiku ndi tsiku ine.

Ndakwera pa mtondo wosinjira kuti ndione phiri, poti masiku ano osakwera pa mtondo silioneka. Kulibe mtambo. Mawa kuyenda bwino.

Lachiwiri

Mayo ine!

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu wanga umvetsa. Nyumba yathu tsopano ili pakati pa mipanda inayi:
- kum'mawa, loji
- kumadzulo, nyumba ya munthu wa ku Joni amene sitinamuonepo nkhope
- kumpoto, misana ya mashopu
- kumwera, chinyumba chosungiramo nandolo

Potulukira m'pamodzi basi, kanjira ka pakati pa mpanda wa ku Joni ndi wa nandolo. Ine ndimadutsa ndowa ili pamutu, zigongono nditapana.

Asiyeni analowa muno ali kamwana, m'thumba, nthawi imene ngolo inkafika mpaka pakhomo. Chaka chatha pokamukweretsa tinadzera m'chinangwa muja. Mipanda imakwera, iye amanenepa, palibe anauza mnzake.

Mutu walowa. Mapewa alowa. Mimba yakana. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Akulira moti anthu athawa malonda awo kumsika kudzaona amene akuphedwa. Ine ndili kunja ndi madeya, abambo ake Estere ali mkati, pakati pathu nkhumba. Banja la zaka zonsezi lalekanitsidwa ndi nkhumba mpaka dzuwa pamutu.

Nzeru za anthu oonerera:
- “Mupakeni sopo.”
- “Sopo ayi, therere.”
- “Tamupemphererani.”
- “Mayi, ine ndilipo.” Ameneyu ndi Gomani wa butchala. Ndamusunga mumtima, pamaliro ake sindidzaphika.

Therere lagwira ntchito, koma chobwerera. Anyamata a kabaza amulumpha pamsana n'kumukoka miyendo, watuluka chafutambuyo, phwaa! m'bwalo momwe anachokera. Dyson watopa kudikira, wanyamula mabuloko a simenti a munthu wina. Ndiwo zamadzulo palibe, therere lonse lili pa nkhumba.

Madzulo abambo ake Estere andionetsa ndodo yawo yoyendera. Ili ndi kachizindikiro kodula ndi mpeni. Akuti umenewo ndiwo mulingo wa kanjirako, anayeza mwezi watha. Mwezi watha! Nanga osanena bwanji? Akuti ananena, ine ndinkasinja.

Amayezeranji mwezi watha, za loji zisanamveke? Ukalamba ndi ntchito.

Lachitatu

Mapulani awiri. Imodzi ikalephera ina igwira.

Yoyamba. Nyumba ya ku Joni ili ndi chitseko chachitsulo kumbuyo, chotayira zinyalala. Chinayang'ana kwathu, poti ife ndiye dzala. Chitsekocho n'chachikulu, Asiyeni angalowe, n'kudutsa pabwalo pawo, n'kutulukira pageti.

Mlonda wake ndi a Yusufu. Munthu wabwino, timawapatsa mapeyala, iwo amatitchajira foni. Koma ndi Msilamu, ndipo zimenezi ndazikumbukira nditatsegula kale pakamwa. Andimvetsera mpaka kumapeto, akanda m'mutu, ati, “Mayi, ikanakhala mbuzi ndikanaibereka kumsana.” Komabe ayimbira abwana awo, akuti abwanawo akalola, iwo akaima kumsewu n'kuyang'ana kumbali.

Abwana a ku Joni akana. Akuti kapinga wa pabwalo pawo ngwogula, sapondedwa.

Kapinga wogula! Ife kapinga timazula m'munda n'kutaya, thukuta lili kamukamu. Kunena zoona dziko latembenuka.

Yachiwiri. Asiyeni aonde. Kuyambira lero madzi okha.

Sanagwirizane nazo. Akulira, akuluma mitengo ya khola, akundiyang'ana ngati ndamubera. Abwana a loji asuzumira pampanda, akuti phokoso. Fungo ayi, phokoso ayi! Jenereta yawo imene ikubangula chiyambire m'mawa ikuyimba kwaya?

Dzuwa likulowa ndapeza makoko a mapeyala m'khola, ambirimbiri. Abambo ake Estere ali pakhonde, wailesi pakhutu, zala zili nyezinyezi. Miyendo imene imakana kupita kutchalitchi lero yafika kukhola. Ndawafunsa, akuti, “Amandiyang'ana.”

Inenso ndimawayang'ana, koma peyala sanandisenderepo.

Lachinayi

Ndaitanitsa amalume. Iwo ndiye mwini mbumba, ndiye anagulitsa malo onsewa chidutswa chidutswa, anthu a ku Limbe atayamba kuthamangira kuno ku Chonde. Nthawi zonse amangoti njira ndakusiyirani.

Abwera pa njinga yamoto yatsopano. Aisiya kumsewu poti siilowa. Zimenezo sakuziona ngati nkhani.

Akuti njira anasiya ndithu, anayeza okha. Ndi chiyani? Ndi thupi lawo. Tsiku lokhoma zikhomo anadutsa pakati, ambulera kukhwapa, sanagunde paliponse. Amalume! Munthu woonda ngati bango! Ndiye mbumba yonse, ndi ziweto zomwe, tikhale saizi yawo?

Zina zimene anena:
- chitukuko chimafuna kupirira
- Chonde posachedwa akhala tauni yeniyeni, tidzawathokoza
- nkhumba n'zakumudzi
- a loji akusowa poimika magalimoto, bwanji nanenso ndigulitse, ndikamange kutsidya kwa mtsinje

Apa ndiye ndaona pamene pagona nkhani. Mchombo wanga unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mapeyalawu, wa Estere chimodzimodzi. Galimoto ya mlendo izidontheza oyilo pamenepo? Ndili moyo ine?

Sindinawatukwane, ndi amalume. Ndawapatsa tiyi wopanda shuga, shugayo ali patebulo poonekera. Abambo ake Estere ndi mkamwini, alibe mawu pa malo a eni. Angowonjezera mawu a wailesi.

Pochoka amalume adutsa m'kanjira myaa, n'kutembenuka kumapeto kuja manja m'mwamba. “Waona?”

Ndaona.

Pulani yomaliza: Fanuel, mwana wa achemwali anga, amene amanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Pafoni waseka. Akuti iye ndi anzake anatsitsapo pamachira mzungu wa mimba kuposa nkhumba yanga, kuchokera pamwamba penipeni, ndiye kampanda n'chiyani. Abwera mawa. Mtima wakhala pansi pang'ono.

Lachisanu

Chiperoni. Kamvula kowaza, kuzizira kolowa m'mafupa, mipanda yonse yoterera.

Fanuel wafika ndi anzake atatu. Mitengo iwiri ya bulugamu, zingwe, masaka oyala pa mabotolo oswa a pamwamba pa mpanda. A loji avomera kuti Asiyeni atsikire kwawo, bola achoke. Lero mpaka andipatsa moni.

Zoona, ana amenewa ntchito amaidziwa. Kumanga kwake! Awiri pamwamba pa mpanda, awiri pansi atapondera mgolo. Mmodzi akuwerengera, onse akukoka pamodzi. Asiyeni akukwera pang'onopang'ono, ali chete, mwina wadabwa. Ine ndayamba kale nthungululu.

Wafika pamwamba. Waona msewu, maminibasi, njinga zamoto, penti wa pinki wa loji, mabaluni. Chonde wa masiku ano anali asanamuonepo. Sanamukonde. Kupalasa kamodzi kokha, mtengo thyo!

Wagwera kwathu. Kwathu, osati kwawo!

Zowonongeka:
- bafa langa la udzu, lagona
- mtondo, wang'ambika pakati, phiri ndatsazikana nalo
- buluku la Fanuel
- mpanda wa loji, ngakhale kanjerwa kamodzi ayi
- mwendo wakumbuyo wa Asiyeni

Sakuima. Akuyesa, akugwa, akuyesanso. Ndayimbira alangizi a ziweto, ndawafotokozera mmene fupa lalozera. Akuti mayi, mukudziwa kale.

Fanuel akuti mzungu uja sankapalasa. Sindinamukalipire, maso ake anali ofiira kale. Ndawaphikira makaka a chinangwa ndi nandolo, adya ali zyoli, apita.

Za kuonda zatha. Ndamuthirira madeya onse, abambo ake Estere akumusendera mapeyala poyera, osabisanso makoko. Ndakhala pansi m'khola momunyowa muja n'kulira, ine munthu wa zidzukulu. Ndikumva chisoni, ndiponso ndikumva manyazi, chifukwa amene anaitana anthu a zingwe ndine.

Loweruka

Gomani wa butchala. Yemwe uja ndinati pamaliro ake sindidzaphika. Ndapita ndekha kukamuitana, ndi miyendo yangayi. Sanaseke, zimenezo ndimuyamikire.

Ndathawira kumjigo kuti ndisamve. Ndamva.

Asiyeni watuluka. Mabeseni anayi ndi ndowa ya zam'kati. M'kanjira wadutsa bwinobwino osagunda paliponse, ngati amalume.

Wogula nyama yonse ndani? A loji. Inde! Alendo a lero akufuna yowotcha. Abwana aja, kampango kali m'thumba, atsina nthiti ndi zala n'kundifunsa ngati ndingamawapezere yotere mwezi ndi mwezi. Yotere! Ndiziiwetera kuti, padenga?

A Yusufu andipepesa ngati pamaliro, chipewa m'manja, ataima patali ndi mabeseni. Ndi okhawo.

Alamu ayimba kuchokera ku Milonde, akuti khola asesa, tifika nthawi yanji. Ndapatsira foni mchimwene wawo afotokoze okha.

Masana onse zimbale, masipika, kuwomba m'manja, munthu wolankhula Chingerezi pa chimkuzamawu za chitukuko cha dera lino. Utsi wa nyama ukulumpha mpanda kubwera kwathu. Utsi ndiye umalumpha bwino. Mayi wina kuseriko akuuza mnzake mokweza kuti nyama yakumudzi ndiye nyama.

Gomani wandisiyira chiwindi ndi mchira. Sindinaphike. Tadya mbatata.

Lamulungu

Zii. Ndadzuka ndi ndowa ya madeya m'manja, ndazindikira ndili kale pakhola. Ndathirira nkhuku. Izo zimauluka, mpanda sizidandaula nawo.

Kutchalitchi ena andigwira chanza ngati namfedwa, ena akusekera m'nsalu. Wina wandifunsa ngati therere latsala. Mulungu amukhululukire, ine ayi.

Pobwera ndapeza abambo ake Estere ali m'kanjira, atatsamira mpanda wa nandolo, ndodo ija ataipingasa pachifuwa. Kachizindikiro kaja kakuthera pa phewa pawo penipeni. Ndawafunsa chimene akuchita. Akuti bokosi limakula kuposa mapewa a mwini wake, ndiponso onyamula amayenda m'mbali, ndipo pakona paja silingakhote.

Mwezi watha uja sankayezera nkhumba.

Ndawakalipira kuti asiye malodza tsiku la Mulungu. Ndati zikadzavuta Fanuel alipo. Andiyang'ana. Tonse tatembenukira ku bafa logona lija.

Kenako ati, “Ukamuuze kalipentala alipange lopyapyala, ndidzagona chammbali. Koma Gomani usadzamuitane.”

Taseka. Taseka m'kanjira momwemo, atatsamira uku ine uku, mpaka a Yusufu asuzumira pamwamba. Kenako abambo ake Estere asiya, ine ndapitiriza, koma sikunalinso kuseka.

Kuwabweza pakhonde yakhala ntchito, poti anthu awiri sayenda moyandikana m'menemo. Ine kutsogolo, iwo atagwira mapewa anga.

Amalume atumiza uthenga. Mawa abwera ndi a loji, akuti kudzangoona bwalo. Sindinayankhe.

Shuga watsala pang'ono m'botolo. Alendo awiriwo akwana.