Mphere za anyamata ndi makatani a bwana

Lolemba

Anyamata a kunyumba yosungira ana oyembekezera milandu, kuseri kwa msika ku Old Town, ali ndi mphere. Onse. Akukanda mpaka kutuluka magazi. Dokotala wa dipatimenti yathu akadali ku Zomba, akuti asamukira kuno ku likulu latsopano nyumba yawo ya ku Area 12 ikatha kumangidwa. Koma pafupi ndi mzikiti pali kachipatala, pongoyenda pansi. Bwanji osagwirizana nako? Bwana ali ku Zomba sabata yonse, choncho palibe wondiletsa. Palibenso wondiuza ngati ndikulakwitsa.

Lachiwiri

Namwino wa kachipatalako ndi Mayi Nyirenda, a ku Rumphi. Ndikuwafotokozera ubwino wa mgwirizano monga tinkaphunzirira ku yunivesite, iwo akusamba m'manja. Potsiriza akuti, "Mankhwala ndili nawo, achimwene. Koma ndikawapaka n'kukagonanso m'mabulangete omwewo, ndataya mankhwala anga. Zovala, zofunda, zonse ziwiritsidwe tsiku lomwelo." Abwera Lachisanu.

Zofunika: mgolo, nkhuni, dzuwa.

Lachitatu

Mgolo ndaupeza kwa amisiri omanga ku City Centre. Ukununkha phula. Galimoto ya ofesi ikututa mipando ya akuluakulu, ndiye ndakwera nawo pa lole ya mchenga, nditavala tayi. A Phiri, amene amayang'anira anyamatawa, auzungulira mgolowo kawiri. "Ndiye zovala zikakhala m'menemu, anawa avala chiyani, bwana wamng'ono?"

Sindinaganizireko. Digiri yonse ija!

Lachinayi

A Phiri apeza matumba a ufa, aboola pamutu ndi m'manja. Nkhuni zilipo koma n'zaziwisi. Mu ofesi yatsopanoyi sindikukhazikika. Ndikungopita pawindo kukaona mitambo. Kodi anyamatawa sakanangodikira dokotala? Ndiye ndikukumbukira zala zawo.

Lachisanu

Zatheka! Anyamata pamzere m'matumba awo, mankhwala thupi lonse, mmodzi akulira kuti akuwawa. Mayi Nyirenda: "Pakuba nkhuku sunalire, lero ukulilira mankhwala? Tembenuka." Mgolo ukuwira. Mabulangete ali pachingwe. Ndikuyenda ngati munthu wodziwa ntchito.

Masana mvula.

Madzulo zonse zikudontha, anyamata akunjenjemera. A Phiri akungondiyang'ana. Kiyi wa ofesi ndili naye, ndipo m'katoni muli makatani atsopano a ofesi ya bwana, obiriwira, okhuthala, osapachikidwabe. Anyamata angofunda makataniwo usiku umodzi wokha. Anyamata apakidwa kale mankhwala, palibe chimene chingalakwike.

Loweruka

Mayi Nyirenda adutsa kudzaona. Aima pakhomo, aloza awiri amene akukanda pakona. "Awa ndi ati? Sindinawapake awa."

Dzulo awiriwa anali kukhoti tsiku lonse. Anabwera kutada n'kugona pakati pa anzawo, m'makatani, ndi zovala zawo zosawiritsa. Lachisanu ndi tsiku la khoti, aliyense pano amadziwa kupatula ine. A Phiri: "Simunandifunse."

Mayi Nyirenda sanakalipe, ndipo zimenezo zikundipweteka kwambiri. "Tiyambiranso. Nsalu zokongolazo nazonso mumgolo."

Ndayesa kunena kuti ndi za boma. "Mpherezi nazo ndi za boma," atero.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Makatani atuluka mumgolo atafupika, ali ndi madontho a phula. Ndawasita kunyumba n'kukawapachika ndekha. Akulekeza pakati pa windo.

Anyamata akukandabe. Mayi Nyirenda avomera kudzabweranso Lachinayi, tsiku lopanda khoti, bola ndibwere ndi nkhuni zouma komanso ndiyambe ndafunsa a Phiri. Akuti akhoza kumabwera mwezi ndi mwezi ngati bwana sandichotsa ntchito.

Bwana afika mawa m'mawa. Ndakhala pampando wawo kuti ndione ngati munthu wokhala pansi angazindikire kuti makatani afupika.

Angazindikire.