Tsiku limene ndinagwadira simenti

Kwa Mphuka kuli anthu amene mpaka lero akandiona pa njinga amavula chipewa n'kufunsa kuti, "Lero maliro ali kuti, akulu?" Sindiwayankha. Koma popeza nkhaniyi ili pakamwa pa aliyense, ndipo aliyense akuikapo mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiikambe ndekha monga momwe inachitikira.

Chaka chimenecho ana a kwathu okhala ku Lusaka anaumbitsa chiboliboli cha mtsogoleri wina wakale wa dziko lino, amene anatisiya kale, kuti chiime pamphambano polowera ku Boma. Malemuwo ine sindinkadana nawo ayi. Chimene ndinkadana nacho ndi chifanizo. Ndinakulira m'Malemba. Ndimadziwa zimene zinachitika m'chipululu anthu atasungunula ndolo zawo, ndimadziwanso za amuna atatu aja amene anasankha ng'anjo ya moto m'malo mowerama. Choncho itafika kalata yopempha kwaya ya amayi a mpingo wathu kuti ikaimbe tsiku lovundukula chibolibolicho, ndinaimirira pamsonkhano n'kukana.

Wotsogolera kwayayo ndi mlamu wanga, Amake Esinati, mng'ono wawo wa akazi anga.

"Alamu, ife sitikukapembedza," anatero. "Tikukaimba chabe."

"Aja a m'chipululu anayambanso ndi kuimba," ndinayankha. "Inu pitani ngati mpingo ulola. Ine bondo langa silidzakhudza pansi pamaso pa simenti."

(Mawu amenewa ndinawanena mokweza, ndipo alembi anawalemba.) Akulu a mpingo anati nkhaniyo idzagamulidwa pa Sondo tikatuluka m'tchalitchi, ndipo zinkaoneka kuti ambiri ali kumbali yanga. Kwaya ikanakhala pakhomo.

Lachinayi ndinanyamuka pa njinga kupita ku Boma kukagula mbedza. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kumangopuma wefuwefu pamthunzi. Nditapitirira kamlatho kena, ndinaona nthambi zaziwisi zitaikidwa pamsewu, ina apa, ina patsogolo. Kwathu kuno nthambi pamsewu zimanena kuti pafupi pali maliro: wa njinga amatsika, wa chipewa amavula. Madalaiva nawonso amaika nthambi zomwezo motoka ikawawonongekera. (Zachiwirizi ndinazikumbukira nditafika kale kunyumba.)

Ndinatsika. Patsogolo panaima lole yaing'ono m'mbali mwa msewu, ndipo m'lolemo, kumbuyo, munagona munthu wamtali, pamatiresi, atamukulunga bwinobwino m'mabulangeti awiri n'kumanga ndi zingwe. Kumapazi kunkasuzumira nsapato zakuda zonyezimira. Pansi pa mtengo wa masawu panakhala amuna awiri atazolika.

Ndinatsamiritsa njinga, ndinavula chipewa, n'kuyandikira ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira pamavuto.

"Pepani, abale anga."

"Zikomo, mudala," anayankha mmodzi, amene anali dalaiva. "Tavutika maningi. Kuyambira m'mawa tili pompano."

"Mwachokera nawo kutali?"

"Ku Lusaka. Akutiyembekezera ku Boma."

Ndinayang'ana dzuwa, ndinayang'ananso mabulangeti aja. "Kutentha kumeneku musachedwe nawo."

"Awa? Awa olo mwezi wathunthu angagone padzuwa."

Ndinati mumtima, mankhwala a ku Lusaka ndi amphamvu ndithu. Dzina la womwalirayo sindinafunse. Pamaliro munthu sufika n'kuyamba mafunso ngati wapolisi. Eni ake amakuuza okha ikakwana nthawi. Koma mtima unandiwawa kuona munthu wolengedwa ndi Mulungu atagona pamsewu ngati thumba la nsomba zouma, popanda nyimbo ngakhale imodzi, popanda mayi womulira.

"Tiyeni tipemphere," ndinatero.

Onse awiri anaimirira n'kuvula zipewa. Kuno munthu akati tipemphere palibe amene amafunsa kuti tikupempherera chiyani.

Ndinagwada pafumbi, kumapazi kwa malemu, n'kuyambitsa nyimbo ya pamaliro ija aliyense amaidziwa. Ndisanamalize ndime yoyamba panafika amayi anayi ochokera kumtsinje atasenza mabeseni a nsomba. Anaona nthambi, anaona mabulangeti, anaona ine. Anatula mabeseni n'kukhala pansi atatambasula miyendo, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wonenepa wa duku yofiira, anayamba kulira. Kulira kwenikweni, kotchula ndi abale ake omwe anapita kale. Kenako anafika bambo wina pa njinga yamoto, anazima injini. Anafika enanso a njinga zakapalasa. Nyimbo inadzaza bwino, mawu aakazi pamwamba, aamuna pansi. Ndinamva dalaiva akukhosomola kawiri, katatu, koma ine ndikalowa m'pemphero chifuwa cha munthu sindichiwerengera.

Ndinapemphera motalika. Ndinakumbutsa anthu kuti tonse ndife dothi. Ndinapempherera mkazi wamasiye, kulikonse kumene anali. Ndinapempherera ana amasiye kuti asalimbirane katundu. Mzimu utandigwira ndinatambasula dzanja n'kugwira nsapato ya malemu. Inali yotentha ngati chiwaya, yolimba ngati mwala. Ndinangoti mumtima, imfa ndi yoopsa, n'kupitiriza.

Nditati ameni, anthu onse anati ameni. Kenako kumbuyo kwanga kunamveka ameni wina, wochedwa, wokoka. Mawuwo ndinawadziwa ndisanacheuke. Anali Amake Esinati, ataima ndi njinga yawo. (Ankapita ku Boma kukamva ndondomeko ya tsiku lovundukula lija, ndiye chimene chinali m'lole ankachidziwa bwino. Ananena okha pambuyo pake kuti anafika ndili pa mkazi wamasiye, ndipo sanafune kusokoneza ntchito ya Mulungu.)

"Alamu, mwatha?"

"Ndatha."

"Nkhope mwaona?"

"Eni ake sanatiitane."

"Tiyeni tione nkhope kuti anthu abalalike. Nsomba za amayiwa zikuwola." Anatembenukira kwa bambo wachiwiri uja, amene anali asanalankhule chiyambire. "Bambo, tionetseniko ntchito yanu."

Bamboyo, amene anali woumba zibolibolizo, anasangalala kwambiri. Anakwera m'lole, anamasula chingwe chakumutu, n'kupinda bulangeti mosamala. Panatuluka nkhope imene tonse timaidziwa pazithunzi, yopakidwa penti yonyezimira, ikumwetulira kumwamba.

Mayi wa duku yofiira anasiya kulira pakatikati pa dzina la malume ake.

"Ndiye misozi yonseyi ndathira pa simenti?" anatero. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kusenza beseni lake.

"Mudala, mutikhululukire," anatero dalaiva. "Ife timayesa mupempherera motoka. Pomwe munafika pa ana amasiye m'pamene tinaona kuti zasokonekera, koma manje kudula pemphero la munthu wamkulu n'kovuta."

Amake Esinati sanaseke. Akanaseka zikanakhala bwino. Anangoyang'ana thalauza langa, pomwe panali zidindo ziwiri zafumbi pamawondo.

"Onse awiri, alamu," anatero. "Ine ndimayesa mwina limodzi."

Ku Boma sindinafikeko. Mbedza anakandigulira munthu wina.

Pa Sondo nkhani inali itafika kale m'tchalitchi ine ndisanafike. Titakhala pamsonkhano, Amake Esinati anapempha mwaulemu kuti alembi awerenge zimene ndinanena sabata yatha. Alembi anawerenga pang'onopang'ono, mawu a bondo aja kawiri. Ndinaimirira kuti ndidziteteze. Ndinati abale, inde ndinagwada, inde ndinaimba, koma mtima wanga sunali pa chifanizocho, ndipo Mulungu amapima mtima, osati bondo.

"Ndi zomwe tinkanena ife, alamu," anatero Amake Esinati. "Mwazikamba bwino kuposa ife."

Ndinakhala pansi. Manja atakwezedwa, amene anatsala pansi anali anga ndi a mkulu wina amene anali atagona tulo. Kwaya inapita. Anandipemphanso kuti ndikatsegule mwambowo ndi pemphero, poti malemuwo ndinali nditawazolowera kale, koma ndinakana. Ndinakaima patali, pamthunzi wa sitolo, chipewa chili kumutu. Anaimba bwino, zimenezo sindingabise.

Mwina mungayembekezere kuti ndinaphunzirapo kufatsa. Chimene ndinaphunzirapo ndi kufunsa, ndipo nakonso kwandipweteka. Mwezi watha ndinapeza nthambi pamsewu wa kumudzi kwa akazi anga. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndipo ndisanagwade ndinanong'oneza bambo wokalamba amene anali pakhomo kuti, "Pepani, amene agona m'nyumbamu ndi munthu ndithu?" Anali mkulu wawo wa bamboyo. Anandikhazika kunja, kufupi ndi khola.

Za chifanizo maganizo anga sanasinthe, ndipo ndimapempherabe kuti mitima ya anthu isapatuke. Ndikamadutsa pamphambano paja sinditsika njinga, chipewanso sindivula. Kungoti ndimayang'ana kumbali, chifukwa malemuwo amamwetulira ngati munthu amene akudziwa kanthu kena za ine.