Zikomo Wotsiriza m'Sitima Yomira

Usiku wathawu, amwene, ndinalota maloto oti ngakhale sing'anga angawakane. Iwe Lufeyo, tasiya kaye jekeyo, tayala silithawa. A Bizwiki, khalani apo mumve. Zonsezi wachititsa ndi dalaivala uja wa thiraki ya ku Nacala, amene dzulo tikumumatira tayala anationetsa pafoni azungu atabereka masilinda a mpweya, akusambira mozungulira sitima yomira pansi pa nyanja ya mchere. Ine ndinaseka, ndimvekere, anthu okhuta sasowa chochita. Osadziwa kuti chinthucho chinditsatira mpaka pamphasa.

Ndiye ndinangoona ndili pano pomwe pa Zalewa, dzuwa lili paliwombo, koma msewu wonsewu wasanduka nyanja, mathiraki akungoyandama ngati mabeseni. Kuyang'ana pansi, ndavala mapazi a bakha. Kumaso chigalasi, kumsana silinda, m'kamwa paipi. Ndiye geji yathu ija yoyezera mpweya wa m'matayala inali lende pachifuwa panga, mwadzidzidzi inatsokomola n'kuyamba kuyankhula ndi mawu a mayi wokalipa.

"A Gelesomu, mwaswera bwanji?"

Ine n'kulavula paipi. "Ndaswera bwino, kaya inu a Geji? Zikomo."

"Basi, mwawononga kale," inatero geji. "Tcherani khutu. Akazi anu aNasibeko ali pansi, m'sitima yomira. Mpweya mwasenzawu ndi wokwana mazikomo asanu basi. Mmodzi mwataya pa ine, atsala anayi. Mukakafika opanda ndi mmodzi yemwe wowapatsa, aNasibeko sadzatulukamo m'sitimamo mpaka kalekale."

Abale inu, ndinadziwa pomwe gejiyo imalasa. Mukukumbuka chaka chija chifuwa chachikulu chinandigoneka miyezi isanu ndi umodzi, ndikupuma ngati chubu chobooka? ANasibeko ndiwo ankandikweza panjinga kupita nane kuchipatala, kundisambitsa, kundimwetsa phala ndi sipuni, anthu ena akuopa ngakhale kapu yanga. Nditachira ndinathokoza adokotala. Ndinathokoza amvano amene anabwera ndi shuga, ndinathokoza mpaka mwini njinga. Koma iwowo, zaka zinayi tsopano, sindinawauzepo kanthu. Ndinkati mkazi wako umuthokoza chiyani, si wako kale?

Ndiye ndinangoti chubwi! Pansi pamenepo kukongola, inu! Madzi ofunda, oyera mbee, nsomba zovala zitenje zamawangamawanga, zina zachikasu, zina zamizeremizere, zikungodutsa osandiopa. Miyala yake yamera nthambi zofiira, ndipo kuwala kwa dzuwa kukuvina pamchenga. Ndinangoti Mulungu wanga, kodi zinthu zabwino chonchi munazibisiranji pansi pamadzi? Geji n'kundigunda pachifuwa. "Zamumtima sitiwerengera, koma pakamwapo musamale."

Ndiye ndikutsika, ndikutsika, mwadzidzidzi ndapeza chipata chachitsulo, chopanda mpanda mbali zonse ziwiri, koma nsomba zonse zili pamzere kudikira kulowa pomwepo. Patebulo pakhala bwana wa yunifolomu ya khaki, mapepala ali mbwee koma osanyowa.

"Chiphaso chopumira chili kuti?" anafunsa bwanayo osandiyang'ana.

"Bwana, ine ndimangopuma chibadwire."

"Popanda chiphaso? Zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, bwana."

"Mlandu waukulu uwu," anatero, ndiye akutambasula dzanja kuti atenge chidindo, dzanjalo linang'ambika pawiri n'kukhala mphanda, maso anatuluka n'kuima patimitengo, yunifolomu inauma gwa, bwana uja wasanduka nkhanu. Anazungulira tebulo chammbali, n'kundidinda pachipumi kuti dii! "Pitani, koma muzipuma pang'onopang'ono."

Tsono inu mukundidziwa mmene anandilerera amayi. Mawondo anapinda okha, manja anaomba okha, paipi inatuluka yokha. "Zikomo bwana!" Mawuwo anatuluka ngati chithovu chachikulu n'kukwera kumwamba ndikuchiona ndi maso angawa.

"Atsala atatu," inatero geji. "Chitsiru cha munthu waulemu."

Ndiye ndinaluma paipi ija mwamphamvu, ndati tsopano ndiziyankhula ndi manja ngati azungu a pafoni aja. Kutsogoloku kunabwera kamba wam'madzi atavala chipewa cha kondakitala, n'kundifunsa ndi mutu ngati zonse zili bwino. Ine n'kumuimikira chala chachikulu, kuti zili bho. Kalanga ine! Safunsa anadya phula. Kumeneko chala chachikulu ndiye kuti ndikwezeni kumtunda. Kamba anangondigwira lamba, liwiro, mpaka mutu wanga unatulukira pakati pa msika, pambali pa mayi wogulitsa tomato. Mayiyo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bwererani, simunamalize," n'kundikankhira pansi ndi chidendene.

Ndiye ndamiranso, mwadzidzidzi sitima ija ndi iyi. Chinthu chachikulu kuposa tchalitchi, chagona chammbali pamchenga, dzimbiri lokhalokha, m'mawindo mukutuluka tinsomba, pachumuni pamera maluwa. Ndazungulira, ndazungulira, khomo osalipeza. Pamenepo ndinamva wina akubuula. Anali nangula wa sitimayo, chitsulo chokalamba chandevu za ndere, chitakwiririka mumchenga mpaka m'chiuno.

"Mdzukulu," anatero nangula, "anthu amati ndinamiza sitimayi ndine. Ine ntchito yanga inali kugwira pansi, ndipo mpaka lero ndagwira. Inamira ndi sitima, ine ndili pantchito."

Ine duu, paipi ndaluma.

"Ukufuna mayi uja wa chitenje chobiriwira? Lowera pachibowo icho chili pamimba pa sitima, upite kumanzere, utsike mpaka kuchipinda cha injini."

Ndinagwedeza mutu n'kuyamba kupalasa. Kumbuyo ndinangomva, "Ha! Ana a masiku ano. Kumuonetsa njira, iye ngati wakumana ndi chitsa. Kaya ndi mwana wa yani ameneyu." Amwene, zinandilowa mpaka m'mafupa. Kutukwanitsa amayi anga ali kumanda chifukwa cha liwu limodzi? Ndinatembenuka. "Zikomo agogo!"

"Awiri," geji inanong'ona, ndipo ulendo uno sinanditukwane, inangopumira m'mwamba.

Ndiye ndalowa pachibowo, mwadzidzidzi m'katimo ndi muwodi ya chipatala, mabedi ali ndandanda, pabedi lililonse pagona nsomba itafunda bulangete. Adokotala anga aja a nthawi ya chifuwa anatulukira atavala gauni yoyera, n'kundiika chopimira chawo pasilinda m'malo mwa pachifuwa. "Kokani mpweya. Tulutsani. Nenani kuti aaa." Akuyankhula choncho ndevu zinayamba kutalika, thupi kuterera, gauni inagwa, adokotala asanduka mlamba, koma magalasi ali pamphuno pomwe. "Mapapo ali bwino, bambo Gelesomu. Mwachira ndithu." Tsono munthu wakuuza kuti wachira, ungachite bwanji? Chithovu chinatuluka ndisanaganize n'komwe.

"Watsala mmodzi," inatero geji. "A Gelesomu, ndakupemphani. Mmodzi yekha."

Apa mantha anandigwira zenizeni. Ndinagwira paipi ndi manja onse awiri n'kutsika masitepe, ndiye mwadzidzidzi ndalowa pakati pa msonkhano. Nsomba zakhala pamabenchi, kutsogolo tebulo lansalu yoyera, ndipo tcheyamani wa komiti ya chitukuko cha sitima yomira waimirira atavala jekete. Amati chaka chino agwirizana zoti sitimayi aipake penti kuti imire mwaulemu. Atandiona anatambasula dzanja kuti andipatse moni, kenako lina, kenako lina, mpaka manja asanu ndi atatu, mutu unafufuma, jekete inang'ambika, wasanduka chinyama chija chamanjamanja tinachiona pafoni.

"Mwafika bwino mlendo wathu wolemekezeka," anatero tcheyamani. "Tsopano tipempha mlendo atiyankhulire mawu othokoza."

Nsomba zonse kuomba zipsepse. Maso onse pa ine. Lilime linayamba kuyabwa, zikomo uja ndikumumva akukwera pakhosi. Koma ndinakumbuka aNasibeko akukankha njinga pachitunda, ine ndili pakaliyala ngati thumba la chimanga. Ndinameza. Lufeyo, chibadwire sindinachitepo mwano wotere: ndinadutsa pakati pa msonkhano, kutsogolo kwa akuluakulu, osawerama, osaomba m'manja, phazi la bakha n'kugwetsa botolo la madzi la tcheyamani. Kumbuyo kunali chiphokoso, ena akuti alembedwe m'maminitsi. Ine osacheuka.

Ndiye ndafika pachitseko cha chipinda cha injini, chitseko n'kunena kuti, "Munthu salowa osaodira." Ndinayang'ana geji. Geji inati, "Odi sitiwerengera." Ndinakuwa kuti odii, chitseko n'kutseguka chokha.

M'katimo injini zonse zinafa kalekale, koma kumamveka kuti fii, fii, fii. Pakona panakhala aNasibeko, chitenje chobiriwira chikuyandama, atapanira pampu ya njinga pakati pamawondo, akupopa. Thukuta lili kamukamu, pansi pamadzi pomwe. Ndinatsatira ndi maso paipi yochokera papampupo. Inadutsa pansi, inakwera masitepe, inazungulira sitima yonse, n'kubwerera kudzathera m'kamwa mwanga.

Silinda ija kumsana inaseka. "Ine musandiyang'ane, ndine chitini chabe. Chiyambire ndilibe kanthu."

"Mwafika, bambo a Mwandida?" anatero aNasibeko osaleka kupopa. "Musayankhule, mungatsamwe. Pumani."

Misozi inadzaza m'chigalasi mpaka sindinkaona bwino. Ndinaima patsogolo pawo, ndinachotsa paipi, ndinasonkhanitsa kampweya konse kotsala, n'kunena ndi mtima wanga wonse kuti, "Zikomo."

Mukudziwa zimene anachita? Anakoka pampu yawo, n'kusendera kukhoma. "Dutsani," anatero.

Mayo ine! Ankayesa ndikupempha njira! Ndipo olakwa sanali iwo. Zaka makumi awiri m'nyumba imodzi, zikomo yense amene anamvapo kwa ine anali woti andipatse mpata ndidutse pakhomo.

"Atha," inatero geji, muvi wake n'kugona.

Madzi anayamba kulowa m'mphuno, m'kamwa, mchere wokhawokha. Ndikuyesa kukuwa kuti si zimenezo, ndikuthokoza inuyo, koma pakamwa sipakutuluka ngakhale kathovu. Ndinagwada n'kuyamba kuomba m'manja, koma pansi pamadzi manja salira. Iwo ataona kuti ndikutsamwa anatola paipi n'kundibwezera m'kamwa mwankhaza, n'kuyamba kupopa mofulumira kuposa kale, pampu ikulira fuu, fuu, fuu, sitima yonse ikugwedezeka, fuu, fuu.

Ndiye ndinadzidzimuka. Ndili pamphasa, bulangete lili m'kamwa, kunja kwayera. Koma fuu, fuu uja osaleka. Ndasuzumira pakhomo, ndi aNasibeko, agwada pakhonde akuuzira mbaula kuti anditenthetsere madzi a tiyi.

Ndinatuluka opanda ndi malaya omwe. Liwu lija linafika pamilomo, ndinalibweza, ndati limeneli landipusitsa kale. Ndinagwada pambali pawo n'kukokera mbaula kwa ine.

"ANasibeko, ndikukuthokozani. Za chaka chija cha chifuwa. Mpweya ndikupumawu munandipatsa ndinu."

Anayang'ana makala. Kenako anapukuta manja pachitenje.

"Ndinkadikira, bambo a Mwandida," anatero. "Mwachedwa, koma ndalandira. Tsono uzirani pang'onopang'ono, mukuthira phulusa m'madzi."