Wakuba Takuona

Pali Lolemba lina limene ndikalikumbukira ndimagwira kumaso ndili ndekha. Anzanga a ku ofesi sakulidziwa, akazi anga akudziwa theka lake chabe. Inu ndikuuzani zonse, poti nkhope yanga simukuidziwa.

Atandisamutsa pa ntchito kuchoka ku Mzuzu kubwera ku Lilongwe, banja linatsala konko kuti ana amalize kaye chaka cha sukulu. Ndinapeza kanyumba ka kuseri ku Area 12, kogundizana ndi mpanda wa aneba. Eni nyumba yaikulu amakhala kunja kwa dziko. Kwathu mnzako akakumva ukutsokomola amabwera kudzakuona. Kuno ukhoza kutha sabata yathunthu ukungomva mageti akutsekulidwira magalimoto.

Kusowa wocheza naye kunandipatsa luso. Ndinagula karauta ka intaneti ku Old Town, ndinakalumikiza kumagetsi, timagetsi take n'kuyaka. Kenako ndinafufuta zonse za mu laputopu n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere ija imene oikonda ake amailalikira ngati mpingo. Nditayatsa ndinaona dzina la netiweki la zilembo ndi manambala, ndinadina, intaneti n'kulowa osafunsa n'komwe pasiwedi. Ndinadziguguda pachifuwa. (Panalibe wondiona, koma ndinadzigugudabe.) Kwa miyezi iwiri zonse zinali myaa. Madzulo ndinkaonera mpira ndi kuimbira ana pa vidiyo mpaka iwo atatopa nane.

Sabata imeneyo ku ofesi ankapenta, ndiye tinkagwirira ntchito kunyumba. Abwana anandiuza kuti lipoti la nthambi yathu likhale litalowa pofika folo koloko, chifukwa mawa lake ankapita nalo ku msonkhano. Linali lipoti langa loyamba chibwerere. Kuti lilowe, limayenera kudutsa pa VPN, kanjira kokhoma kamene kamakulowetsa m'makompyuta a ku ofesi uli kwanu.

Cha m'ma teni ndinamaliza kulemba. Ndinadina VPN. Inazungulira, inazungulira, n'kukana. Ndinadinanso. Inakananso. Nthawi yomweyo ndinaimbira Mayi Mwale, amene amayang'anira makompyuta ku ofesi.

"Mayi, VPN yanu ija yafa," ndinatero ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

"Anzanu onse akulowa bwinobwino. Intaneti muli nayo, bambo?"

"Ine ndimagwiritsa Linux, mayi. Za intaneti musandifunse."

Anangoti chabwino, n'kudula. Nditayang'ana pakona pa sikirini, kachizindikiro ka Wi-Fi kanali mbee, kopanda kanthu.

Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsa. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsa. Ndinaipukuta ndi malaya. Kenako ndinatenga foni n'kuyamba kuwerenga malangizo a anthu a maiko akutali amene anakumanapo ndi vuto ngati langa. (Mukufunsa kuti bwanji sindinangogawira laputopu intaneti ya pa foniyo. Inenso ndimadzifunsa mpaka lero.) Wina anati nditsekule zenera lakuda lija lolembamo malamulo, ndilembe chakuti. Ndinalemba. Wina anati woyambayo ndi chitsiru, ndilembe china. Ndinalembanso. Wachitatu anati ndichotseretu pulogalamu yoyendetsa manetiweki, ndidzaikenso yatsopano. Ndinaichotsa, ndi fayilo ya VPN yomwe, kuti ndiyambe poyera. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati eya mokweza.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti yatsopanoyo amaitenga pa intaneti.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinafuna munthu woti andiseke basi, koma m'nyumbamo munali ine ndi furiji.

Laputopu kukhwapa, ndinayenda wapansi mpaka ku msewu waukulu, dzuwa lili paliwombo, n'kukwera minibasi ya ku Old Town. Pa kashopu kena kokonzera mafoni panali mayi wina akudya chimanga chootcha. Anamva nkhani yanga yonse osandidula, analowetsa chingwe, analemba mizere iwiri ndi dzanja limodzi, Wi-Fi n'kubwerera.

"Laputopu yanuyi sinadwale, achimwene," anatero. "Munaidwalitsa ndinu."

Ndinaimbiranso Mayi Mwale kupempha fayilo ina ya VPN, tsopano ndi mawu a kutchalitchi. Anati ali pa mzere ku banki, atumiza ikamakwana fili koloko. Ndinabwerera kunyumba.

Nditafika ndinatsekula mndandanda wa manetiweki, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauwerenga modekha. Dzina limene ndinazolowera panalibe. Panali awiri. Loyamba linali lofanana ndi lolembedwa kunsi kwa rauta yanga, ndipo linkafuna pasiwedi, chinthu chimene sichinachitikepo. Lachiwiri linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: WAKUBA TAKUONA.

Ndinaseka. Ndinati anthu a ku Area 12 ndi oopsa, kuberana ndi netiweki yomwe. Ndinalemba pasiwedi ya kunsi kwa rauta yanga, inalumikiza, koma intaneti njee. Ndinatsekula kachitseko ka kumbali kwa rautayo. Munali mopanda kanthu. Ndinathamangira katoni yake pamwamba pa kabati, ndipo simukhadi ndinaipeza momwemo, isanathyoledwe n'komwe pa pulasitiki yake.

Kuseka kunathera pomwepo. Rauta yanga, miyezi iwiri yonseyo, inkangoyatsa timagetsi. Wakubayo anali ine.

Nthawi inali hafu fili. Simukhadiyo inkafunika kukalembetsa m'tauni. Mabandulo a pa foni, amene malangizo aja anali atawadya kale, anatheratu nditangolandira fayilo ya Mayi Mwale. Ndinavala jekete (sindikudziwa chifukwa chake, mwina kuti ndioneke wakuba waulemu), n'kukagogoda pa geti la aneba, laputopu kukhwapa.

Anatsekula mayi wachikulire wa magalasi, atanyamula khasu la m'maluwa.

"Zikomo amayi. Ndine wa kuseri kwa mpandawu. Ndabwera pa nkhani ya wakuba uja."

"Mwamugwira?"

"Ndabwera naye."

Anasuzumira kumbuyo kwanga, n'kubwezera maso pa ine. Anaseka mpaka kutsamira pa geti.

"Ndiye ndinu! Munthu wa jekete chonchi?"

Anandilowetsa pakhonde. Anali Mayi Kamanga, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Nathenje, ndipo amuna awo anamwalira zaka zapitazo. Mwana wawo anawachotsera pasiwedi kalekale chifukwa ankangoiwala. Koma posachedwapa intaneti inkawavuta madzulo alionse, zidzukulu za kunja zikuuma pa sikirini kamwa ili yasa. Mwanayo atabwera usiku wa Lamlungu kuchokera ku Blantyre, anakhoma netiweki n'kuipatsa dzina latsopano.

"Sabata ziwiri sindinawaone ana aja," anatero. Apa sanaseke.

Ndinaganiza za mpira wonse umene ndinaonera. Ndinapepesa mu Chichewa, chitandithera ndinapitiriza mu Chitumbuka, mpaka za lipoti zomwe ndinaulula.

"Basi, basi. Mwati lipoti ndi la folo koloko? Khalani apa."

Anabweretsa kapepala ka pasiwedi kamene anakamata mkati mwa Baibulo. Ndinaika fayilo ya VPN, ndinadina, inalowa ulendo umodzi. Lipoti linapita kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Nditadzuka kuti nditsanzike, tiyi anali atafika kale, ndi mbatata. Anandifunsa maina a ana anga onse, ndi makalasi awo, ndi chifukwa chake ndawonda. Ndinazindikira kuti chibwerere ku Lilongwe palibe amene anandifunsapo funso losakhudza ntchito. Ndinayankha motalikitsa, ngati mboni ya kukhoti.

Mawa lake ndinakalembetsa simukhadi, ndinawaguliranso amayiwo bandulo yobweza intaneti yawo. Rauta yanga tsopano ikugwira ntchito bwino kwambiri, moti ndilibenso chifukwa chogogodera pa geti la munthu. Phunziro ndinalimva: uyambe wayang'ana m'katoni usananyoze a Mwale.

Koma za kuba sindinganene kuti ndinasiyiratu. Lachitatu lililonse ndimanyamula laputopu n'kukagogoda, n'kunena kuti yanga ikuvutanso. Mayi Kamanga amagwedeza mutu, amati makina a masiku ano ndi osadalirika. Dzina la netiweki yanga limaoneka pa foni yawo, mizere yonse yodzadza, ndipo magalasi awo ndi abwino. Amangolowa m'nyumba kukatenga makapu awiri.